Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse: inayamba bwanji, ndipo Germany inagwera pati?

Naphiri_Kabwata

Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani iyi. Mabuku ambiri amene ana a Giredi 12 akuwerenga amati nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inabadwa ndi pangano la Versailles la 1919, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kuchokera 1919 kufika 1939 ndi zaka 20, ndipo pa chisankho cha 1928 chipani cha Hitler chinapeza mavoti osakwana 3 pa 100 alionse. Ngati mkwiyo wa Versailles unali wokwanira, unali kuti zaka zonsezo? Chachiwiri, dziko limene linagonjetsa France m'milungu isanu ndi umodzi linatheka bwanji kugonja kotheratu? Ndikufuna zifukwa zogwirika, osati kungoti anatopa. Chomaliza, kuno ku Lusaka tili ndi Burma Road ndi Arakan Barracks, ku Ndola kuli Tug Argan, ku Chipata kuli Gondar. Maina amenewa akulowa pati m'nkhaniyi?

Mwale_Chilenje

ANaphiri, funso lanu loyamba lagunda pamene mabuku ambiri amazembapo.

Pangano la Versailles linasainidwa pa 28 Juni 1919. Linalanda Germany zigawo zina ku Europe ndi maiko onse amene inkalamulira kunja, kuphatikizapo Tanganyika woyandikana nafeyu. Linati asilikali asapose 100,000, pasakhale akasinja, ndege zankhondo kapena sitima zoyenda pansi pa madzi, ndipo m'chigawo cha Rhineland musaponde msilikali wa Germany. Mu 1921 chipukuta misozi chinaikidwa pa mamaki agolide 132 biliyoni. Anthu anakwiya ndithu, ndipo akuluakulu a asilikali anafalitsa bodza loti iwo sanagonje pankhondo, anaperekedwa ndi andale ndi Ayuda kumudzi. Komabe kuyambira 1924 mpaka 1929 dzikolo linali litayamba kuimanso ndi ngongole za ku America, mu 1926 linalowa mu League of Nations, bungwe la maiko la nthawi imeneyo, ndipo chipukuta misozicho chinathetsedwa ku Lausanne mu 1932, Hitler asanalowe m'boma.

Chimene chinasintha zinthu ndi kugwa kwa msika wa masheya ku New York mu Okutobala 1929. Mabanki a ku America anaitanitsa ndalama zawo, mafakitale anatseka, ndipo pofika 1932 malova anali pafupifupi 6 miliyoni. Boma la Heinrich Brüning linayankha podula malipiro ndi kukweza misonkho, ndiponso linkalamulira ndi malamulo osainidwa ndi pulezidenti, osadutsa m'nyumba ya malamulo. Apa ndi pamene mavoti a Nazi analumpha: 18 pa 100 mu 1930, 37 mu Julayi 1932. Mu Novembala chaka chomwecho anatsika kufika 33. Pa chisankho chaufulu Hitler sanapezepo theka la mavoti. Amene anamutsegulira chitseko ndi Franz von Papen ndi anzake, amene ananyengerera Pulezidenti Hindenburg kuti amuike kukhala mtsogoleri wa boma pa 30 Januwale 1933. Ankadzinamiza kuti adzamuwongolera, popeza m'gulu lonse la nduna a Nazi anali atatu okha.

Zotsatira zake ana azidziwe motsatana. Pa 27 Febuluwale nyumba ya malamulo ya Reichstag inapsa. M'mawa mwake kunatuluka lamulo lochotsa ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wosamangidwa popanda mlandu, ndipo aphungu achikomyunizimu anamangidwa, ena anathawa. Pa 23 Malichi aphungu otsalawo, anyamata a chipani ovala yunifolomu ataimirira m'makomo, anavomereza lamulo lopatsa boma la Hitler mphamvu zopanga malamulo palokha. Chipani cha Social Democrats chokha ndicho chinakana. Mu Meyi mabungwe a ogwira ntchito anathetsedwa, mu Julayi zipani zina zonse zinaletsedwa. Ku Italy njira inali yomweyi zaka khumi m'mbuyomo: mu Okutobala 1922 Mfumu Victor Emmanuel III inakana kusaina lamulo loti asilikali aletse anyamata a malaya akuda, m'malo mwake inaitana Mussolini kuti atenge boma. Mu 1924 phungu wotsutsa, Giacomo Matteotti, anabedwa n'kuphedwa, ndipo Mussolini anakhalabe pampando.

Phata la nkhani kwa ine ndi ili: Hitler ankaifuna nkhondo. Kuyambira m'ma 1920 ankanena poyera kuti Ajeremani ayenera kulanda nthaka kum'mawa, m'maiko a Poland ndi Soviet Union, ndi kuchotsamo eni ake. Mu 1936 analamula kuti asilikali ndi chuma zikhale zokonzeka kumenya nkhondo m'zaka zinayi. Kugula zida kunadya ndalama zakunja, chitsulo ndi mafuta mwakuti dziko lililonse limene analanda linkalipirira kulanda lotsatira. Golide wa Austria ndi wa Czechoslovakia anathera momwemo. Versailles inamupatsa mawu okopera anthu. Mwana amene alemba Versailles yokha wasiya ulova wa 1930, wasiya andale amene anamukweza, wasiyanso cholinga cha mwini wakeyo.

Zulu_Matero

Bambo Mwale afotokoza za mkati mwa Germany. Ine ndionjezere za kunja, chifukwa olamulira mwankhanzawa ankayamba ayesa kaye ngati pali wowaletsa.

Woyamba kuyesa anali Japan. Mu Seputembala 1931 asilikali ake anaphulitsa okha njanji pafupi ndi Mukden, ananamizira China, n'kulanda Manchuria yonse. League of Nations inatumiza ofufuza, lipoti linatuluka patatha chaka, Japan inangotuluka m'bungwelo mu 1933 osabweza kanthu.

Wachiwiri ndi amene ife a ku Africa sitiyenera kumudumpha. Pa 3 Okutobala 1935 Mussolini analowa mu Ethiopia, dziko limene linali membala wa League mofanana ndi Italy. Bungwelo linaika ziletso za malonda, koma pa mndandandawo panalibe mafuta, ndipo ngalande ya Suez, imene sitima zonyamula asilikali ndi zida za Italy zinkadutsamo, sinatsekedwe. Popanda mafuta ndi Suez nkhondo imeneyo sikanayenda. Mu Disembala kunaululika kuti nduna ya Britain, Samuel Hoare, ndi Pierre Laval wa ku France anapangana mwachinsinsi zopatsa Italy gawo lalikulu la Ethiopia. Ndege za Italy zinkathira mpweya wapoizoni wotentha khungu ndi mapapo pa asilikali, m'midzi ndi m'mitsinje, zinaphulitsanso zipatala za Red Cross. Addis Ababa inagwa pa 5 Meyi 1936. Mu Juni Haile Selassie anakaima yekha pamaso pa bungwelo ku Geneva kudandaula, ndipo mwezi wotsatira ziletso zija zinachotsedwa. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukamadutsa mu Haile Selassie Avenue ku Longacres muzikumbukira kuti munthu ameneyo anawachenjeza zaka zitatu nkhondo ya ku Europe isanabuke.

Hitler ankaonerera zonsezi. Mu 1935 anabwezeretsa usilikali wokakamiza. Pa 7 Malichi 1936, maso a onse ali ku Ethiopia, analowetsa asilikali mu Rhineland, ndipo amene anawoloka mtsinje wa Rhine anali mabataliyoni atatu okha. France inali ndi mphamvu zowabweza, koma sinasunthe. Tisawaweruze mopepuka: France inataya anyamata oposa 1.3 miliyoni pa nkhondo yoyamba, chuma chinali chodwala, anthu ankaopa mabomba a ndege, ambiri m'maboma ankaopa Stalin kuposa Hitler, ndipo America inali itadzipatula. Zifukwa zinalipo, koma mtengo wake unakula chaka ndi chaka. Ku Spain kuyambira 1936 ndege za Germany ndi Italy zinathandiza kazembe Franco pa nkhondo yapachiweniweni ndipo zinaphunzirira kuphulitsa matauni, monga Guernica mu Epulo 1937. Mu Julayi 1937 Japan inayamba nkhondo yeniyeni ndi China, ndipo mu Disembala inapha anthu ochuluka zedi ku Nanjing. Mu Malichi 1938 Austria inamezedwa.

Munich ndi pamene panatayika chinthu chogwirika. Kumapeto kwa Seputembala 1938 Chamberlain wa Britain, Daladier wa France, Mussolini ndi Hitler anagwirizana zodula Sudetenland ku Czechoslovakia, eni dziko osaloledwa kukhala pa tebulo. M'chigawo chimenecho ndi mmene munali mapiri ndi malinga otetezera dzikolo. Pa 15 Malichi 1939 Hitler analowa mu Prague n'kutenga zotsala, pamodzi ndi fakitale ya zida ya Skoda, ndipo akasinja opangidwa ku Czechoslovakia anali m'gulu la amene analowa mu France mu 1940. Apa m'pamene Britain inalonjeza kuteteza Poland. Chotchinga chomaliza chinachoka pa 23 Ogasiti 1939, pamene Ribbentrop wa Germany ndi Molotov wa Soviet Union anasaina pangano losamenyana, lokhala ndi gawo lachinsinsi logawana Poland ndi maiko a ku Baltic. Germany inalowa mu Poland pa 1 Seputembala, Britain ndi France analengeza nkhondo pa 3, Stalin analowa chakum'mawa pa 17.

Tembo_Chelstone

ANaphiri, pa funso lachiwiri musatsate maina a akazembe. Tsatani mafuta, njanji ndi sitima, mudzaona pamene zinathyokera.

Tiyambe ndi France. Mu Meyi 1940 France ndi Britain anali ndi akasinja ochuluka kuposa Germany, ena olimba kuposa a Ajeremani. Vuto linali kagwiritsidwe ntchito kake. Afalansa anamwaza ambiri mwa akasinja awo m'magulu a asilikali oyenda pansi, ambiri analibe wailesi, ndipo pamwamba pamene pali mzinga pankakhala munthu mmodzi: yemweyo kulamula, yemweyo kuika chipolopolo, yemweyo kuwombera. Ajeremani anasonkhanitsa awo m'magulu khumi olankhulana pa wailesi, ndege zikuwalambulira njira. Pa 10 Meyi analowa mu Belgium ndi Netherlands, ndipo asilikali abwino kwambiri a France ndi Britain anathamangira kumpoto kukakumana nawo. Imeneyo inali nyambo. Magulu asanu ndi awiri a akasinja anadzera m'nkhalango ya Ardennes, anawoloka mtsinje wa Meuse cha ku Sedan ndi malo ena kuyambira pa 13 Meyi, ndipo pa 20 Meyi anali atafika kunyanja, kumbuyo kwa amene anapita kumpoto aja. Pa Dunkirk anapulumuka asilikali 338,000 koma zida zolemera zinatsala pagombe. France inasaina pa 22 Juni.

Njira imeneyi inkagwira pa mtunda waufupi wa misewu yabwino. Pa Britain inalephera chifukwa pakati pali nyanja. Angerezi anali ndi radar m'mbali mwa gombe, yolumikizidwa pa telefoni ndi malo amodzi olamulira, choncho ndege zawo zinkanyamuka pokhapokha adani akaoneka ndipo zinkapita pamene pali adaniwo. Ndege za Germany zoperekeza zoponya mabomba zinali ndi mafuta okhalira pamwamba pa London mphindi zowerengeka chabe. Woyendetsa ndege wa Britain akagwetsedwa n'kupulumuka ankabwerera kuntchito. Wa Germany ankakhala mkaidi.

Tsono mafuta. Germany inalibe zitsime zokwanira. Inkadalira Ploiești ku Romania, mafuta opangidwa kuchokera ku malasha, ndi amene Stalin ankaigulitsa. Pa 22 Juni 1941 Hitler analowa mu Soviet Union ndi asilikali oposa 3 miliyoni, akuganiza kuti zitha chisanu chisanafike. Kuchokera kumalire kufika ku Moscow ndi makilomita pafupifupi 1,000, ngati kuchoka ku Lusaka kukafika ku Nakonde, koma misewu yambiri inali yafumbi. Njanji ya Germany ndi yotambalala mamilimita 1,435, ya Soviet Union 1,524, ndiye sitima sizikanangolowa. Ankayenera kuzula ndi kukhomanso njanji kilomita ndi kilomita, kumanganso malo omwetsera injini madzi. Lole ikapita kutali kwambiri ndi pothera njanji imayamba kumwa yokha mafuta amene yanyamula. Malole awo anali a mitundu yambirimbiri yolandidwa m'maiko osiyanasiyana, ndiye sipeya wa iyi sankalowa pa iyo. Katundu wambiri ndi mizinga zinkakokedwa ndi akavalo oposa 600,000, amene nawonso ankafuna chakudya. Mu Okutobala mvula inasandutsa misewu matope, mu Novembala kunazizira mpaka mapaipi a injini za sitima kuphulika, ndipo zovala zofunda zinatsalira kumbuyo chifukwa malo m'sitima anapatsidwa kwa zipolopolo ndi mafuta. Mbali inayi a Soviet anamasula mafakitale oposa 1,500, kuwakweza pa sitima ndi kukawamanganso ku mapiri a Ural ndi kupitirira. Pa 5 Disembala anabwezera pafupi ndi Moscow.

Sabata yomweyo Japan inaphulitsa Pearl Harbor, pa 7 Disembala. Nayonso inkathamangira mafuta: ambiri inkagula ku America, amene anaitsekera m'katikati mwa 1941 italowa kum'mwera kwa Indochina, ndiye inafuna zitsime za ku Dutch East Indies. Inamiza sitima zazikulu, koma zonyamula ndege sizinali padoko, ndipo matanki a mafuta ndi malo okonzera sitima sanakhudzidwe. Pa 11 Disembala Hitler analengeza yekha nkhondo ndi America. Dziko limenelo pa nkhondo yonse linapanga ndege pafupifupi 300,000 ndi sitima za katundu za mtundu wa Liberty zoposa 2,700, ndipo linatumiza ku Soviet Union magalimoto oposa 400,000.

Mu 1942 Hitler analunjika ku zitsime za Caucasus. Anafika ku Maikop n'kupeza zitsime zitaonongedwa, ku Baku sanafike. Anagawa asilikali pawiri, ena n'kukakamira mu Stalingrad nyumba ndi nyumba, m'mbali atasiyamo asilikali a Romania amene analibe mizinga yokwanira yoboolera akasinja. Pa 19 Novembala a Soviet anaboola m'mbalimo n'kutsekera gulu lonse la Germany mumzindamo. Linkafuna matani osachepera 500 a katundu patsiku. Ndege zinkafikitsa pafupifupi 100. Pa 2 Febuluwale 1943 zinatha, ogwidwa anali pafupifupi 91,000. Ku El Alamein mu Okutobala ndi Novembala 1942 kazembe wa Germany Rommel anagonja ali ndi mafuta ochepa, chifukwa Angerezi ankawerenga mauthenga achinsinsi a adani n'kumamiza sitima zomubweretsera. Ku Midway mu Juni 1942 Japan inataya sitima zinayi zonyamula ndege. Pa nyanja ya Atlantic, mu Meyi 1943 mokha Germany inataya sitima zapansi pa madzi pafupifupi 40, chifukwa tsopano sitima za katundu zinkayenda m'magulu operekezedwa ndipo ndege zouluka mtunda wautali zinatseka mpata wa pakati pa nyanja.

Zotsalazo zinali kutsetsereka, ngakhale kuti ndi mmene munafa anthu ochuluka. Kursk mu Julayi 1943, Mussolini kuchotsedwa mwezi womwewo, Normandy pa 6 Juni 1944, ndipo patangopita milungu iwiri a Soviet anaphwanya gulu lapakati la Germany ku Belarus. Kuyambira Meyi 1944 mabomba anagwa pa mafakitale a mafuta a malasha, mu Ogasiti Romania inatembenuka. Oyendetsa ndege atsopano ankapita kunkhondo ataphunzira maola ochepa posowa mafuta, ndipo ku Ardennes mu Disembala akasinja ena anangosiyidwa pamsewu mafuta atatha. Hitler anadzipha pa 30 Epulo 1945, Germany inagonja pa 8 Meyi. Japan inali itatsala yopanda sitima zobweretsa mafuta ndi chakudya. Bomba la atomiki linagwa pa Hiroshima pa 6 Ogasiti, Soviet Union inalowa mu Manchuria pa 9, tsiku lomwe linagwanso la Nagasaki, ndipo anasaina pa 2 Seputembala.

Tisaiwale kuti ambiri mwa asilikali a Germany amene anafa anafera kum'mawa, ndipo Soviet Union inataya anthu pafupifupi 27 miliyoni.

Nabanda_Libala

Za maina a makampu ndiyankhe ine, achemwali. Onsewo ndi malo a nkhondo imeneyi, ndipo mukawaika motsatana mupeza ulendo wa asilikali athu.

Northern Rhodesia Regiment inakhazikitsidwa mu 1933 kuchokera ku nthambi ya usilikali ya apolisi, ndipo pa nkhondoyi inakula kufika mabataliyoni asanu ndi atatu. Anzathu a ku Nyasaland ankalowa Keyala (King's African Rifles). Olamula anali azungu, onyamula mfuti anali anyamata a m'midzi, ambiri olembedwa kudzera mwa mafumu. Ena anatsata malipiro, ena anakakamizika.

Tug Argan ndi mpata wa pakati pa mapiri ku British Somaliland. Italy italowa nkhondo mu Juni 1940 inaukira dzikolo ndi gulu lalikulu kwambiri kuposa oteteza. Kuyambira pa 11 mpaka 15 Ogasiti bataliyoni yoyamba ya kwathu inagwira zitunda za pampatapo. Zitundazo zinali zotalikirana, ndiye adani ankadutsa pakati n'kuzungulira chimodzichimodzi, ndipo mizinga inali yochepa. Pomaliza onse anabwerera ku Berbera n'kukwera sitima. Kunali kugonja, koma masiku amenewo ndi amene anapatsa otsalawo mpata wotuluka. Chaka chotsatira zinatembenuka: asilikali a ku East, West ndi South Africa anadzera ku Kenya ndi Somalia, analowa mu Addis Ababa pa 6 Epulo 1941, ndipo Haile Selassie anabwerera pa 5 Meyi, zaka zisanu zenizeni chigwere mzindawo. Gondar ndi malo omaliza amene Ataliyana anagonjera, pa 27 Novembala 1941. Mu 1942 ena anapita ku Madagascar.

Ku nkhondo ya ku Burma ndi kumalire a India ndi kumene kwachokera maina ambiri: Arakan ku Lusaka, Chindwin ndi Kohima ku Kabwe, Kalewa ku Ndola. Gulu la 11th East African Division linaphunzira za nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon, ndipo linalowa mu Ogasiti 1944, nkhondo za Kohima ndi Imphal zitatha, kuti lithamangitse Japan m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yamphamvu, nthawi imene magulu ena ankapuma. Msewu unali phala lokhalokha, mwakuti ankayala mitengo yodula kuti galimoto zidutse, ndipo pena ankasenza katundu pamutu. Chakudya ndi zipolopolo zinkaponyedwa kuchokera m'ndege za Dakota. Mitambo ikatseka, chakudya chinkachepetsedwa. Malungo, kamwazi ndi matenda oyamba ndi tizilombo ta m'maudzu zinkagwetsa anthu ochuluka, ndipo aliyense ankayenera kumwa mbulu wa mepacrine tsiku lililonse. Kumayambiriro kwa Disembala anatenga Kalewa pa mtsinje wa Chindwin, ndipo pamenepo panamangidwa mlatho woyandama wotalika mamita pafupifupi 350, umene magulu ena anawolokerapo kulowera ku Mandalay. Arakan ndi chigawo cha m'mphepete mwa nyanja kumene asilikali ena a ku Africa anamenyako.

Mfundo ya aTembo ikukhudzanso kwathu kuno. Kopa amalowa m'zikhokho za zipolopolo, m'mawaya ndi m'mainjini, ndipo boma la Britain linkagula yense wotuluka ku Roan Antelope, Nkana, Mufulira ndi Nchanga. Mu Malichi 1940 azungu a m'migodi ananyanyala ntchito n'kupatsidwa zina mwa zimene ankafuna. Anthu akuda atanyanyala nawonso, pa 3 Epulo asilikali anawombera ku Nkana ndipo anafa anthu 17. Kuyambira 1942 boma linkagwira anthu a m'midzi kukalima chibalo m'mafamu a azungu kuti chimanga cha kumigodi chisasowe. Miyala ya uranium ya mabomba oyamba a atomiki yambiri inachokera ku Shinkolobwe ku Katanga, kungodumpha malire. Othawa nkhondo a ku Poland, ambiri amayi ndi ana odzera ku Iran, anasungidwa ku Bwana Mkubwa, Abercorn (lero Mbala), Fort Jameson (lero Chipata) ndi muno mu Lusaka. Wailesi ya boma inayamba kuulutsa mawu mu Lusaka mu 1941, makamaka kuti anthu azimva za nkhondo. Nkhondo itatha zinthu sizinachedwe: mabungwe a Welfare anagwirizana mu 1946, Congress inabadwa mu 1948, bungwe la ogwira ntchito m'migodi la Lawrence Katilungu mu 1949.

Naphiri_Kabwata

Zikomo nonse. Zimene alemba aNabanda zandibweretsera funso lina. Kodi n'zoona kuuza ana kuti inali nkhondo ya ufulu kulimbana ndi nkhanza, pamene Stalin anali mbali ya opambana, ndipo anthu athu ankawomberedwa ku Nkana chaka chomwe anzawo ankafera ku Tug Argan?

Mwale_Chilenje

Auzeni zonse ziwiri, mwanawe, musabise mbali iliyonse.

Opambana sanali oyera. Mu 1940 apolisi achinsinsi a Stalin anapha akaidi a ku Poland pafupifupi 22,000, ku Katyn ndi malo ena, ndipo othawa nkhondo amene aNabanda atchula aja anali atatengedwa kwawo ndi Stalin yemweyo. Ku Bengal mu 1943, pansi pa ulamuliro wa Britain, njala inapha anthu mamiliyoni. Chikalata cha Atlantic Charter cha Ogasiti 1941 chinati mtundu uliwonse uli ndi ufulu wosankha boma lake, koma mwezi wotsatira Churchill anauza nyumba ya malamulo kuti mawuwo ankanena makamaka za maiko a ku Europe ogwidwa ndi Nazi.

Komabe musalole mwana kunena kuti onse anali chimodzimodzi. Boma la Nazi linaika kupha mtundu wathunthu kukhala ntchito ya boma, ya maofesi, mindandanda ndi nthawi za sitima. Zinayamba ndi malamulo a Nuremberg a 1935 ochotsa Ayuda pa unzika. Ku Babi Yar pafupi ndi Kyiv anawombera Ayuda oposa 33,000 m'masiku awiri mu Seputembala 1941. Mu Januwale 1942 akuluakulu a maunduna anakumana ku Wannsee kugawana ntchito, ndipo ku Treblinka, Sobibor, Belzec ndi Auschwitz anthu ankatsika m'mabogi n'kuphedwa ndi mpweya tsiku lomwelo. Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa, pamodzi ndi Aromani, olumala, ndi akaidi a nkhondo a Soviet oposa 3 miliyoni amene ambiri anangosiyidwa kufa ndi njala. Munthu wakuda analibe malo m'dongosolo limenelo: mu 1940 asilikali a ku West Africa omenyera France atagwidwa, m'malo angapo Ajeremani ankawapatula kwa azungu n'kuwawombera. Ku Addis Ababa mu Febuluwale 1937, anthu atayesa kupha Rodolfo Graziani, amene ankalamulira Ethiopia m'dzina la Italy, Ataliyana anapha anthu zikwizikwi m'masiku atatu, kenaka anaphanso amonke a ku Debre Libanos.

Pa mayeso mwana alembe kuti maiko ogwirizana anagonjetsa maboma atatu amene ankalanda maiko ndi kupha mitundu, ndipo aonjezere kuti ena mwa ogonjetsawo anali atsamunda, wina wolamulira mwankhanza. Aonenso mmene milandu inayendera. Ku Nuremberg, kuyambira Novembala 1945 mpaka Okutobala 1946, atsogoleri 12 a Nazi anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo ku Tokyo kunakhalanso bwalo lotere. Ethiopia inapempha kuti Graziani ndi kazembe mnzake Pietro Badoglio aimbidwe mlandu pa za mpweya wapoizoni ndi kupha anthu wamba, koma sizinachitike. Badoglio sanaimepo pabwalo. Graziani anaweruzidwa ku Italy pa mlandu wogwirizana ndi Germany, anapatsidwa zaka 19, n'kutulutsidwa patangopita miyezi yochepa.